Ndinabwereketsa Mwana Tsiku la Kalembera

Abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, ndi inu achinyamata kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Aleluya. Ameni wanuyo ndi wofooka, koma palibe kanthu, ndimulandira choncho.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andipatsa mphindi khumi, koma abusa mundikhululukire, nkhani imene yakhala m'mimba kuyambira nthawi ya othawa nkhondo singatuluke pa mphindi khumi.

Nonse mwamva kuti mwana wanga Esinati wakwera ndege Lachiwiri lapitali, wapita kunja kusukulu. Ena mwabwera kale kunyumba kudzandigwira chanza, zikomo. Koma lero ndikufuna mudziwe kuti mwana ameneyu anatsala pang'ono kutaya mwayi umenewu. Anatsala pang'ono, abale. Chifukwa cha chinthu chimene ndinachita ine mayi wake, komanso chifukwa cha chinthu chimene ena muno munakana kuchita. Sinditchula dzina la munthu. Mwini wake akudzidziwa.

Choyamba ndikuuzeni chimene wapitira, chifukwa ndamva kale kumjigo kuti wapita kukakwatiwa ndi mzungu, ena akuti kukasambitsa nkhalamba. Ayi. Esinati amakonza makina a m'chipatala ku Blantyre. Makina othandiza khanda kupuma akaima, amaitana iye. Makina oyeza magazi akayamba kunama, amaitana iye. Mukukumbukira mmene anapitira bambo ake, malemu amuna anga. Kachilonda kaphazi basi. Tinati ndi chitsa cha kumunda, kenako tinati ndi anthu, tinawamwetsa zonse zimene timamwetsana kunozi. Pofika ku boma kukayezetsa n'kuti shuga atawadya kale m'kati. Mwanayu anali kukoleji. Anabwera kumaliro, sanalire kwambiri, anangondifunsa kuti kodi kuyeza kokhako kunkafunika ulendo wa tsiku lathunthu? Kuchokera pamenepo mutu wake uli pa chinthu chimodzi: kachipangizo kakang'ono ngati lezala, eni ake amati bayosensa, koti ukadonthezapo magazi kapena malovu kamauza foni zimene zili m'thupi. Akuti totere tilipo kale, koma tambiri timafuna pozizira, timaonongeka ndi kutentha kwathu kuno, ndipo tikatha timadikira tochokera kunja. Iye akufuna kopirira dzuwa la ku Thambani mwezi wa Okutobala, koti mlangizi wa zaumoyo n'kungoika m'thumba n'kukwera njinga. Akabwera kumudzi ankandibaya zala poyesa tinthu take, mpaka ndinamuuza kuti mwana iwe, ine ndine mayi ako, si sanza yophunzirira kusoka.

Ndiye chaka chino anaona chilengezo pakompyuta. Pulofesa wina wa kuyunivesite ya kunja ankafuna munthu mmodzi wochokera kuno ku Malawi kuti akafufuze naye zinthu zomwezi kwa zaka zinayi, n'kudzatuluka ndi chimene amati PhD. Udokotala umenewo si wobaya jakisoni, musayambe kubwera ndi misana yanu kunyumba kwanga, ndi udokotala wofufuza. Analemba, anatumiza mapepala, anthu atatu anamupanikiza ndi mafunso pakompyuta pomwepo, ndipo anamutenga. Mwana wa m'mudzi muno, anamutenga. Anangomuuza chinthu chimodzi: atumize pasipoti yosonyeza kuti ndi Mmalawi asanathe masabata sikisi, apo ayi malowo apatsa womutsatira.

Pasipoti basi. Kabuku kochepa kuposa ka nyimbo aka. Apa m'pamene mlandu wakale unadzuka, paja amati mlandu suola.

Achinyamata simukuzidziwa izi, mvetserani. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anthu ankatsika m'mapiri awa ngati linthumbu, wina atasenza mbuzi, wina chitseko, wina chimanjamanja. Ambiri sanapite kumisasa, anakhala pakati pathu pompano. Pakhomo panga panafika mayi mmodzi, a Rozina, ali ndi khanda limene anabereka m'njira. Amuna awo anawasiya kumbuyo atawomberedwa. Ine n'kuti ndili ndi Esinati wa mwezi umodzi. Amuna anga anawamangira kachisakasa m'mphepete mwa munda wathu. Atapita kukalembetsa, mlembi anafuna dzina la khanda loti alembe pakhadi lolandirira chakudya, iwo n'kunena kuti Filomena. Sabata isanathe, khanda lija linatisiya. Mwambo mukuudziwa, khanda lotere saliimbira nyimbo, saitana abambo. Amayi asanu a m'mudzi muno analikulunga n'kukaliika mwakachetechete. Asanu. Awiri anagona, Mulungu ause mizimu yawo. Atatu alipo. Ali muno, avala zoyera.

Chaka chimenecho kunali njala, ndipo taonani mmene zinthu zinatembenukira. Othawa ankalandira ufa, nandolo, mafuta ophikira ndi sopo, ife eni nthaka tikuphika mango aawisi. Mkaka wanga unauma. Esinati ankalira mpaka mawu kutha, kungotsala kukamwa kuli yasa. A Rozina mabere akuwawa ndi mkaka wopanda mwini. Tsiku lina anangomunyamula pamiyendo panga n'kumuyamwitsa. Akuluakulu ananena kuti n'zosayenera, ine ndinatseka makutu, chifukwa mwana anagona tulo koyamba tsiku limenelo. Kuyambira pomwepo ankanditchula kuti kumadre, mawu a kwawo onena mayi amene mwagawana naye mwana.

Ndiye kunkabwera tsiku la kalembera. Ogawa chakudya ankafuna kuona ndi maso munthu aliyense wolembedwa pakhadi, n'kumuviika chala mu inki kuti asawerengedwe kawiri. Abale, tisanamizane m'nyumba ya Mulungu. Tsiku limenelo m'mudzi muno munkatsala ana angati? Munkangoti zii, nkhuku zokhazokha. Tonse tinkabwereketsa ana kwa othawa, wina awiri, wina anayi, madzulo ana n'kubwera chala chili bii, kambale ka ufa kakutsatira kumbuyo. Ena mwakhala apa ndi matayi, chala chanucho chinalowa mu inki imeneyo musanadziwe n'kumina komwe. Musayang'ane pansi, sindikukuweruzani. Inali njala.

Kusiyana kwa ine ndi inu n'kumodzi. Inu munkabwereketsa tsiku limodzi, ine ndinapitiriza. Dzina la Filomena linali lidakali pakhadi, Esinati n'kulowa m'menemo. Atadwala m'mimba, a Rozina anathamanga naye kusikelo ya othawa kumene kunali mankhwala ndi phala, ndipo kumeneko anamulembera khadi la sikelo: dzina Filomena Antoniyo, mayi Rozina, kobadwira ku Mozambiki. Atafika poyamba sukulu, aphunzitsi anaitanitsa khadi la sikelo kuti adziwe zaka zake, n'kukopera zonse mmene zinalili. Ine ndi sukulu yanga ya pansi pa mtengoyi ndinati dzina n'chiyani, bola mwana akuphunzira. Kunyumba Esinati, kusukulu Filomena. Kuyambira Sitandade wani mpaka digiri, pepala lililonse Filomena. Akandifunsa ndinkangoti ndi dzina la kusikelo, lidakukakamira.

Pali china chimene sindinauzepo munthu, ndipo lero ndichinena pamaso pa Mulungu. Mwana atayamba kuyenda, ankathamangira kuchisakasa kuja. Ukati Esinati, amatembenuka mochedwa. Ukati Filomena, wafika kale. Akagwa, kolirira kunali kwa a Rozina. Zinkandiwawa, abale, zinkandiwawa ngati munga wa m'chidendene. Nkhondo itatha, malole atayamba kututa anthu kubwerera kwawo, amayi ena anayamba kundinong'oneza kuti samala, mayi uja apita naye mwanayo, paja khadi likuti ndi wake. Amayi omwe aja, avala zoyera aja. Ndiye a Rozina atabwera kudzatsanzika, anandipempha chinthu chochepa, kuti mwana akakula pang'ono ndizimulola kukawaona. Ine pakamwa panga pano panatuluka mawu awa:

"Mwana wanu adafa. Uyu ndi wanga. Nkhondo yatha, dzipitani."

Anatulutsa khadi la sikelo m'mpango, anaika pamkeka, n'kutembenuka. Zaka zonsezi sindinawaonenso, ndipo sindinawafunefune.

Tibwerere ku pasipoti. Esinati anapita ku boma ku Mwanza ndi mafomu ake. Pafomu analemba ine ndi bambo ake, mudzi uno, mfumu ino. Koma mapepala a sukulu akuti Antoniyo. Bwana wa paofesipo anafunsa ngati pali chosonyeza kubadwa kwake, mwana wosadziwa kanthu n'kutulutsa khadi la sikelo lija, poti ndinamupatsa kalekale kuti azisunga. Bwanayo anawerenga n'kumuuza mwaulemu kuti malinga ndi pepala limeneli iye ndi mwana wa mayi wa ku Mozambiki. Ine bwana ameneyo sindimuda, anawerenga zimene zinalembedwa. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, apeze anthu awiri achikulire amene anaona kubadwa kwake, akalumbire kubwalo la milandu. Yachiwiri, mayi wolembedwa pakhadiyo abwere yekha adzalumbire kuti mwanayu si wake.

Ndinasankha yoyamba. Ndinati n'chapafupi, komanso kunena zoona ndinkaopa yachiwiriyo. Amfumu athu apanowa akadali achinyamata, nthawi imeneyo ankasewera fumbi, anati iwo asaina pambuyo pa mboni. Azamba amene anandichiritsa anagona kale. Tinafufuza buku lakale la ana odalitsidwa mumpingo muno, abusa ndinu mboni, tinapeza chiswe chitachita phwando. Koma mtima wanga unali m'malo. Ndinati ndili ndi amayi atatu amene anaika Filomena weniweni ndi manja awo, amene anadya phala la chikuta cha Esinati. Ndi alongo anga mwa Ambuye, Lachinayi lililonse timagwirana manja popemphera.

Ndinapita kwa woyamba. Anandiyalira mkeka bwinobwino, n'kundiuza kuti mutu wawo masiku ano suukugwira, zakale zimawasokonekera. Mutu umene umakumbukira amene sanabwere kudzasesa patchalitchi chaka chatha, umenewo sukugwira.

Ndinapita kwa wachiwiri. Anati amuna awo salola zolowa m'makhoti. Ndinati si mlandu, n'kungonena zimene munaona. Anati tikakalumbira kumeneko adzatifunsa za ana athu amene tinkabwereketsa aja, tidzamangidwa ndi imvi kumutu. Ndinati ndani angamange gogo chifukwa cha kambale ka ufa ka nthawi ya nkhondo? Anangoti mundipempherere, ndine wamantha. Ameneyo bola, ananena zoona.

Wachitatu ndiye anandipha. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, paja makanda aja anali awiri ofanana msinkhu, ife tingadziwe bwanji kuti amene tinakaika uja anali wa ndani? Abale. Mayi amene anakulunga khanda lija ndi nsalu yake. Mayi amene anali woyamba kundiuza kuti samala, akubera mwana wako. Lero sakudziwa. Ndinatuluka pakhomo pawo, ndinaiwala ndi patapata yemwe.

Mawa lake kumjigo nkhani inali itafika kale. Akuti akufuna akwere ndege pamsana pathu. Akuti mwana wa othawa akufuna kudya za ana a dziko lino. Ndikafika ndi ndowa yanga, onse chete, wina n'kuyambitsa nyimbo ya kwaya. Lachinayi lotsatira tinagwirana manja monga mwa masiku onse, tinapempherera odwala, tinapempherera mvula. Ine dzanja lili m'dzanja la munthu amene wakana mwana wanga, ndikuti Ameni. Sindikunamizani, abusa, tsiku limenelo sindinapemphere. Ndinkangoyang'ana pansi n'kumafunsa Mulungu ngati akuona.

Masabata atatu anathera m'menemo. Pulofesa uja analemba kufunsa kuti zili pati. Esinati anabwera kumudzi, wachepa thupi, maso ali psuu. Anakhala pakhonde n'kundifunsa kuti amayi, kodi a Rozina amenewa ndi ndani kwenikweni, nanga dzina limeneli linachokera kuti? Ndinalibenso pothawira. Ndinamuuza zonse, za khanda, za inki, za mkaka umene anayamwa, ndi mawu amene ndinathamangitsira mayi amene anamupulumutsa. Anamvetsera osadula. Nditamaliza anati:

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuyankha dzina la mwana wakufa?"

Ndinati eya.

"Ndipo amene anandiyamwitsa munawathamangitsa ngati galu?"

Ndinati eya.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anadzuka n'kukakhala kuseri kwa khola, tsiku lonse osadya. Madzulo anandiuza kuti alembera pulofesa kuti malowo apatse wina, watopa. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti undipatse sabata imodzi yokha. Dzenje limeneli ndinakumba ndine, ndilowamo ndekha.

M'mawa ndinakwera kabaza mpaka pamene njinga imalekezera, n'kuyamba kuyenda wapansi njira yomwe ija anthu ankatsikira pothawa. Ndi miyendo iyi, ndi msinkhu uwu. Ndinkangodziwa dzina la mudzi umene ankautchula kalekale. Ndinafunsa pamsika wina, anandilozera kwina. Ndinagona kwa anthu osawadziwa, anandipatsa madzi osamba osandifunsa kuti ndine wa mpingo uti. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ndikakonza n'kuphwasula. Tangoganizani, abale. Ndikupita kukapempha mayi kuti akaime pamaso pa boma, akagwire Baibulo, akanene ndi pakamwa pake mawu omwe aja ndinamulasa nawo.

Tsiku lachitatu ndinawapeza. Anali pabwalo akupuntha nandolo, akalamba, diso limodzi layera. Ndinaima chapatali n'kuodira. Anasiya ndodo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kumadre." Basi. Ngati tinasiyana dzulo.

Ndinagwada m'makoko a nandolo momwemo. Mawu onse ndinakonza aja anabalalika, ndinangolira. Anandidzutsa, anandipatsa mpando, anatuma mpongozi wawo kuti aphike, paja anakwatiwanso n'kubereka anyamata awiri. Nditadya m'pamene ndinafotokoza chimene ndabwerera. Ndinafotokoza za kachipangizo kaja, za pulofesa, za masabata amene atsala. Zonsezo anangomvera. Funso lawo linali limodzi:

"Akuyankhabe dzina lija?"

Ndinati akuyankhabe, lili pamapepala ake onse, ndipo kuchipatala kumene amagwira ntchito amamuitana lomwelo.

Kenako anandiuza kuti zaka zonsezi, tsiku lobadwa khanda lawo likafika, ankadziuza kuti Filomena ali kuseri kwa phiri, akukula, akupita kusukulu. Ankadziwa kuti si zoona, koma zinkawagonetsa tulo. "Tsono mukuti ndikanene kwa boma kuti adafa," anatero. Ndinati eya, ndi chimene ndabwerera, ndipo mukakana sindikudandaulani. Kutacha ndinawapeza atamanga kale kampukutu kawo, akundidikira pakhomo.

Tinadutsa m'mudzi muno masana dzuwa lili pamutu, ena munatiwona. Makatani ankagwedezeka m'mawindo. Palibe amene anatuluka kudzawalonjera, mayi amene munkadya ufa wake.

Esinati atawaona sanadziwe kuti achite chiyani. A Rozina anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, n'kumupapasa kuseri kwa khutu kumene ali ndi kachipsera ka chithupsa cha ali khanda. Ine mayi wake kachipserako ndinali nditakaiwala.

Kubwalo la milandu sitinachedwe. Anawapatsa Baibulo, anawafunsa ngati akufuna womasulira, iwo anati Chichewa anachiphunzira ndi njala, sichingawathawe. Woweruza anafunsa ngati mtsikana waimayu ndi mwana wawo. Ine ndinatseka maso. Ndinangomva mawu awo, osanjenjemera:

"Mwana wanga Filomena ndinamubereka m'tchire pothawa nkhondo. Anakhala ndi moyo masiku ochepa, anafera kuno ku Malawi. Uyu sindinamubereke. Ndinangomuyamwitsa, n'kumubwereka dzina. Mayi wake ndi awa."

Atatero anatsamira tebulo, Esinati n'kuwagwira. Mlembi wa pabwalolo anasiya kaye cholembera. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika. Zimene alongo anga atatu anakana kuchita ndi mawu awiri osawapweteka paliponse, anazichita mlendo, pozula mtima wake womwe.

Amfumu anasaina tsiku lomwelo. Pasipoti inatuluka kutatsala masiku anayi. Anayi, abale. Esinati anaijambula ndi foni n'kutumiza tili chiimire panja pa ofesi, ndipo yankho la pulofesa linabwera tisanakwere minibasi: malo ndi ake. Aleluya. Ndati aleluya.

Koma musaganize kuti ndatuluka wopanda chipsera. Anatiuza kuti dzina silingasinthe, chifukwa liyenera kufanana ndi mapepala a sukulu. Chimene chinakonzedwa ndi mayi ndi kobadwira basi. Ndiye tsiku limene adzamuveke chipewa cha omaliza maphunziro, adzaitana Dokotala Filomena Antoniyo. Kachipangizo kaja kakadzafika kuno m'thumba la mlangizi, dzina limene lidzamveke ndi limenelo. Dzina limene ndinamupatsa ine, dzina la malemu mayi anga, latsala pakhonde panga. Ndinamufunsa ngati zikumuwawa, iye anati ayi, alinyamula ndi manja awiri, pakuti tsopano akudziwa mwini wake. Amene zikumuwawa ndine, ndipo ndikuyenera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti tchimo langa limire ndi mwana wanga. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga a Rozina ndi moyo kuseri kwa phiri, pamene ine sindinawapempherepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikuthokoza abusa, munayesetsa ndi buku lanu lachiswe lija. Za kukhululuka musandifunse lero. Ndikupemphera, koma sindinafike, ndipo sindinama nditaima pano. Ena mwa amene ankaimba kwaya kumjigo aja abwera kale kudzapempha nambala ya foni ya Esinati kuti akathandize ana awo. Ndapereka. Iye anati ndizipereka kwa aliyense, pakuti mwayi wotere umalengezedwa chaka ndi chaka ndipo ana a kuno saumva.

Chatsala chinthu chimodzi, ndikhale pansi. A Rozina ali kunyumba kwanga, abwerera kwawo Lachitatu. Ndinawapempha kuti tibwere limodzi kuno, anakana, akuti sakufuna kuchititsa munthu manyazi pa Sabata. Ndinawafunsa kuti ndikuchitireni chiyani pa zonse mwachitazi, nsalu kodi, mbuzi kodi. Anati iwo akufuna chimodzi chokha. Popeza tsopano anena ndi pakamwa pawo kuti mwana wawo adafa, akufuna aone pamene anagona. Mwambo mukuudziwa, mayi wa khanda sapita nawo kokaika. Inenso sindinapite, ndinali ndi khanda langa kumanja. Pamalopo sindikupadziwa. Padziko lonse lapansi atsala anthu atatu amene akupadziwa.

Sindikupemphani kuti mundipepese. Sindikupemphani kulumbira, palibe khoti, palibe bwana, palibe womanga munthu. Tikaweruka pano ine ndikhala pakhomo panga, mkeka ndayala kale. Mmodzi yekha mwa inu abwere, atsogole mayi uja, akamulozere ndi chala. Ngati mutu sukugwira, miyendo ikumbukira.

Tsopano, mpingo wa Mulungu, kondwerani nane. Mwana wanga wafika bwino, waimba foni dzulo, akuti kukuzizira koma walowa kale m'chipinda chofufuzira. Kondwerani nane, pakuti amene munkati ndi wopanda kwawo, Mulungu wamupatsa amayi awiri. Achinyamata, imbani m'manja. Amayi anzanga, ndikufuna nthungululu, ndipo ndikuifuna kwa nonse, pakuti mawu a aliyense muno ndimawadziwa.

Ambuye alemekezeke. Ameni.